Kachikopa ka kaboni pa galasi loyezera matenda: kodi kangapirire dzuwa la ku Chigwa cha Shire?

Aliyense amene anakhalapo pa benchi la chipatala ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Bangula akukadziwa kachipangizo koyera koyezera malungo. Amamubaya mwana chala, amatapa kadontho ka magazi, amadonthezapo timadzi, kenako mumadikira mphindi 15 kapena 20. Mzere umodzi, malungo palibe. Mizere iwiri, LA. Kuyambira 2011 pamene tizipangizoti tinafalikira m'zipatala za boma, tapulumutsa ana ambiri, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa ku Makhanga amatha kuyeza mwana pansi pa mtengo popanda magetsi ngakhale maikulosikopu.

Ambiri sadziwa kuti mzere wofiirira uja kawirikawiri ndi golide. Ndi timibulu ta golide tating'ono zedi, pafupifupi mananomita 40 kalikonse, ndipo golide akachepa chonchi saonekanso wachikasu, amafiira. Pa kambulu kalikonse pamamatidwa antibody, puloteni imene imagwira chinthu chimodzi chokha, ndipo pano imagwira puloteni ya tizilombo ta malungo yotchedwa HRP2. Timibulu tikaunjikana pamalo amodzi, diso limaona mzere. Chipangizo chilichonse chokhala ndi mbali ya chamoyo yogwira chimene tikufuna, ndi mbali ya kuwala yotiuza kuti chagwidwa, akatswiri amachitcha optical biosensor. Ndiye kuti tili nacho kale chimodzi m'thumba la mlangizi wathu.

Koma chili ndi malire ake, ndipo ine ndinawaonera pa mwana wa mchemwali wanga. Anamaliza LA bwinobwino, patapita masabata atatu thupi linatenthanso. Mizere iwiri. Amene ankamuona anali munthu wosamala, anamuyang'ana mwanayo kupuma kwake n'kunena kuti, "Mayi, kachipangizoka kamakumbukira malungo akale. Tiyeni timumvere m'chifuwa." Chinali chibayo. HRP2 imatsalira m'magazi kwa masabata angapo tizilombo titafa kale, choncho mzere sumasiyanitsa malungo a lero ndi a mwezi watha. Vuto lachiwiri n'lakuti tizilombo tikakhala tochepa, kutsika pa 100 kapena 200 mu maikulolita imodzi ya magazi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mililita), mzere umazimiririka. Akuluakulu ambiri a kuno amayenda ndi tizilombo tochepa chonchi osadwala, udzudzu n'kumatapa kwa iwo. Lachitatu ndi loopsa: pali tizilombo tina timene tinataya jini, kachigawo ka DNA, yopanga HRP2. Tinapezeka koyamba ku Peru mu 2010, ndipo ku Eritrea tinachuluka mpaka dzikolo linasiya zoyezera za HRP2 mu 2016. Kwa tizilombo totere kachipangizo kathu n'kakhungu.

Ichi n'chifukwa chake ofufuza padziko lonse akufunafuna zoyezera zimene zingaone zochepa kwambiri, kuwerenga kuchuluka kwake m'malo mongoti eya kapena ayi, ndiponso kugwira zinthu zina osati HRP2 yokha. M'kufunafunako dzina limene limamveka kwambiri ndi kaboni.

Kaboni si wachilendo. Makala a pa mbaula ndi kaboni, mwaye wa kudenga la khitchini ndi kaboni, mtima wa pensulo ndi kaboni wa mtundu wa graphite. Chimasiyanitsa ndi mmene maatomu ake akhalirana. Mu graphite maatomu amalukana m'timabwalo ta ngodya zisanu n'chimodzi ngati zisa za njuchi, n'kupanga mapepala osanjikizana amene amatereka mosavuta, n'chifukwa chake pensulo imalemba. Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov ku yunivesite ya Manchester anamata selotepi pa graphite n'kumamatula mobwerezabwereza mpaka anatsala ndi pepala limodzi lokha, lochindikala atomu imodzi. Ameneyo ndiye graphene, ndipo anawapatsira mphoto ya Nobel mu 2010.

Kuti timve kuchepa kwake, nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka miliyoni. Tsitsi la munthu ndi mananomita pafupifupi 80,000. Selo yofiira ya magazi, imene kachilombo ka malungo kamabisalamo, ndi mananomita 7,000 kapena 8,000. Antibody ndi 10 mpaka 15. Graphene ndi 0.34. Mapepala ake mamiliyoni atatu ndi amene angakwane milimita imodzi. Popeza alibe mkati, atomu iliyonse ili pamtunda, ndipo galamu imodzi, mukawerenga mbali zonse ziwiri, ili ndi malo okwana masikweya mita 2,630. Magalamu atatu aposa bwalo la mpira.

Ali ndi abale ake. Pepala lomwelo likapindidwa kukhala kapaipi limatchedwa carbon nanotube, ndipo Sumio Iijima wa ku Japan ndiye anatifotokoza bwino timapaipiti mu 1991. Palinso graphene oxide, amene ndi graphene womatidwa okosijeni ponseponse, ndi carbon dots, timadontho tosakwana mananomita 10 timene timawala tikaunikidwa. Onsewa amagwiritsidwa ntchito ngati chokutira cha pamwamba pa zoyezera, koma aliyense pa chifukwa chake. Kuti zifukwazo zimveke, tiyambe taona mmene kuwala kumadziwira kuti china chake chatera pa galasi.

Mukaviika nkhafi m'Shire imaoneka ngati yathyoka pamene yalowera m'madzi. Kuwala kumayenda pang'onopang'ono m'madzi kusiyana ndi mumpweya, choncho kumakhota pa malire. Nambala yoyezera kuchedwetsa kumeneku imatchedwa refractive index: mpweya ndi 1, madzi ndi 1.33, galasi ndi pafupifupi 1.5. Tsono kuwala kukamachokera m'galasi kupita m'madzi mopendekeka kwambiri, kumalephera kutuluka, kumabwerera konse m'galasi. Komabe pa malire pomwepo pamatsala kamphamvu kake kamene kamasuzumira kunja, mananomita 200 kapena 300 okha, kenako n'kuzilala. Kamphamvu kameneka, kamene amakatcha evanescent wave, sikafika ngakhale pakati pa selo imodzi ya magazi. Kamamva zokhazo zimene zakhudza galasi. Nkhani yonse ya zokutira yagona pamenepa: chipangizochi chimaona kachikopa ka pamwamba kokha, ndiye chimene mwapaka pa kachikopako ndicho chimalamula zonse.

Mu 1968 Erich Kretschmann ndi Heinz Raether ku Germany anaonetsa chimene chimachitika mukapaka chitsulo chopyapyala pa galasi lotere. Masiku ano amapaka golide wochindikala mananomita pafupifupi 50. Mu golide muli maelekitironi oyenda momasuka ngati madzi m'beseni. Kuwala kukafika pa kupendekeka kwina kwake, kumodzi kokha, maelekitironiwo amayamba kuvinira pamodzi ngati mafunde ndipo amameza mphamvu ya kuwalako. Woyang'ana kuwala kobwerera amaona kamzere ka mdima pa ngodya imeneyo. Izi ndizo surface plasmon resonance, mwachidule SPR.

Amene anaonapo woimba ng'oma akumata phula pakati pa chikopa kuti liwu litsike amva msanga chotsatira. Chikopa n'chomwecho, ng'oma n'njomweyo, koma kanthu kakang'ono komatidwa pamwamba kasintha liwu. Mapuloteni akatera pa golide amakweza refractive index ya kachikopa kaja, ndipo kamzere ka mdima kamasuntha. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'oma imamva kulemera, pamene golide amamva mmene kuwala kukuchedwera, koma khutu la woimba ndi makina owerenga ngodya akuchita ntchito yofanana. Nanogalamu imodzi ya puloteni pa sikweya milimita imasuntha kamzereko ndi pafupifupi digiri 0.1, ndipo makina abwino amaona kusuntha kochepa kuwirikiza ka 1,000 kuposa apo. Mu 1983 Bo Liedberg, Claes Nylander ndi Ingemar Lundström ku Linköping m'dziko la Sweden anaonetsa kuti njirayi ingaone antibody ikugwira chimene imagwira, ndipo mu 1990 makina a Biacore anayamba kugulitsidwa. Ubwino wake ndi wakuti simufunika kupaka utoto chimene mukuyeza, ndiponso mumaona kugwirana kukuchitika nthawi yomweyo, n'kuwerenga kuchuluka kwake.

Nanga ngati golide amagwira kale ntchito, graphene abwera kudzatani?

Chinthu choyamba ndi kugwira. Golide ndi chitsulo chaulesi, sakonda kumamatirana ndi zinthu, n'chifukwa chake sachita dzimbiri. Kuti antibody ikhale pa golide pamafunika kuyala kaye timaunyolo tokhala ndi sulufule kumapeto, ndipo timaunyolo timeneti timawonongeka pang'onopang'ono ndi mpweya ndi kutentha. Graphene ndi wosiyana. Timabwalo take ta ngodya zisanu n'chimodzi timakokana ndi timabwalo tofanana nato topezeka mu DNA ndi m'mapuloteni ena, n'kugonerana chafufumimba ngati mbale zosanjikiza. Ofufuza amagwiritsa ntchito kamolekyu kotchedwa pyrene ngati nangula: mbali imodzi imagona pa graphene, mbali ina imagwira antibody. Pa graphene oxide n'zosavuta koposa, chifukwa m'mphepete mwake muli kale timagulu ta okosijeni timene, ndi mankhwala awiri odziwika kuti EDC ndi NHS, timamangirirana ndi puloteni molimba. Ndipo popeza timapepala ta graphene oxide timakhala ndi makwinya, pamakwana zogwira zambiri kuposa pa golide wosalala.

Chachiwiri ndi kuteteza, ndipo kwa ine ichi ndicho chili ndi phindu lenileni. Siliva amapereka kamzere ka mdima kopyapyala ndi kakuthwa kuposa golide, kotero kusuntha kwake kumaoneka bwino. Mkuwa nawo umagwira ntchito, ndipo zonse ziwiri n'zotsika mtengo. Tsoka lake zimathimbirira msanga. Koma graphene wopanda chilema salola ngakhale mpweya wa helium kudutsa, monga anaonetsera ofufuza mu 2008. Pepala limodzi limatha kutchinga mkuwa kapena siliva ku madzi ndi mpweya, pamene ilo n'lopyapyala kwambiri moti silidya malo m'mananomita 200 aja.

Chachitatu ndicho chimene chimakokomezedwa. Amati graphene amakulitsa mphamvu ya kuona. Pali choonadi pang'ono: kuwerengera kwa pa kompyuta kumene kunafalitsidwa mu 2010 kunapeza kuti pepala lililonse limawonjezera pafupifupi 2.5 peresenti pa kusuntha kwa kamzere kaja. Zochepa zedi. Ndipo pali mtengo wolipira. Pepala limodzi la graphene limameza 2.3 peresenti ya kuwala kodutsamo, zimene n'zambiri kwa chinthu chochindikala atomu imodzi. Mukasanjikiza mapepala ambiri, kamzere ka mdima kamakula m'mbali n'kuzilala, pakati pake n'kuvuta kuloza. Choncho mukamva kuti chokutira cha kaboni chawirikiza mphamvu ya chipangizo kangapo, kawirikawiri chawirikiza ndi kuchuluka kwa zinthu zogwidwa, kuwala sikunasinthe kwenikweni. Ndiponso zolemba zambiri pa nkhaniyi ndi masamu a pa kompyuta, graphene wake ndi wangwiro, madzi ake ndi oyera, kutentha kwake sikusuntha.

Graphene weniweni amakhala ndi zipsera. Njira yofala yopangira mapepala akuluakulu inaonetsedwa mu 2009 ku yunivesite ya Texas ku Austin: amatenthetsa mkuwa kufika madigiri pafupifupi 1,000 n'kudutsitsapo mpweya wa methane, kaboni n'kuyala pamkuwapo. Kuti apite pa galasi amamupaka pulasitiki, kusungunula mkuwa, kumuyandamitsa pamadzi, kumuwola ndi galasi, kenako kuchotsa pulasitiki. Pa sitepe iliyonse amang'ambika, amakwinyika, kapena pulasitiki imatsalira. Pabowo pamodzi pokha madzi amalowa, siliva n'kuyamba kuthimbirira kuchokera pamenepo. Graphene oxide ndi wosavuta kupanga. Njira ya Hummers ya mu 1958 imagwiritsa ntchito graphite, asidi wa sulufule ndi potassium permanganate, uja wofiirira amene anamwino akale ankatsukira zilonda. Graphene oxide amasungunuka m'madzi, mutha kumudontheza pa galasi n'kumusiya aume. Koma mphika wa lero ndi wa mawa safanana ndendende, okosijeni amachuluka kapena kuchepa, timapepala timasiyana kukula, ndipo kachipangizo kalikonse kamatuluka ndi khalidwe lakelake.

Makina a SPR a galasi la ngodya ndi aakulu, odula, ofuna chipinda chozizira. Chimene chingafike kwathu kuno ndi m'bale wake, ulusi wa galasi kapena pulasitiki ngati umene umanyamula intaneti. Kuwala kumayenda mu ulusiwo pobwererabwerera m'makoma ake. Mukapala chikopa cha ulusi pa kachigawo kakang'ono, kapena kuupinda ngati mbedza, kamphamvu kosuzumira kaja kamatulukira poyera. Pakani graphene oxide pamenepo, mangirirani zogwira, viikani m'madzi oyezedwa. Mbali imodzi kababu ka LED, mbali ina kamera ya foni. Ofufuza m'mayiko angapo apanga kale zoterezi pa tebulo la labotale, ndipo zimayaka ndi batire.

Pali njira ina imene ndimaikonda chifukwa cha kuphweka kwa nzeru yake. Graphene oxide amazimitsa kuwala kwa utoto uliwonse wowala umene wamuyandikira kwambiri, amaulanda mphamvu usanaitulutse. Tengani kachingwe kamodzi ka DNA, mangani utoto wowala kumapeto kwake. Kachingwe kamodzi kali ndi timabwalo take poyera, choncho kamagona pa graphene oxide, utoto n'kuzima. Mukathira madzi okhala ndi DNA ya kachilombo kamene mukufuna, zingwe ziwirizo zimalukana, timabwalo timabisika mkati, kugwirana ndi kaboni kumafooka, chingwe chimanyamuka, utoto n'kuyaka. Mdima ndiye kuti palibe, kuwala ndiye kuti chilipo. Izi zinaonetsedwa mu 2009. M'malo mwa DNA yofuna inzake muthanso kuika aptamer, kachingwe ka DNA kosankhidwa kuti kazikulunga puloteni inayake. Alipo kale ma aptamer ogwira LDH, puloteni ya tizilombo ta malungo imene imatha m'magazi patangopita masiku ochepa tizilombo titafa, ndipo tizilombo topanda HRP2 tija timaipanganso. Mwana wa mchemwali wanga akanayezedwa ndi chinthu choona LDH bwino, funso la malungo akale silikanakhalapo. Kuwonjezera apo DNA imapirira kutentha kuposa antibody. Puloteni ikapsa imakhala ngati dzira lophika, sibwerera, pamene kachingwe ka DNA kakamasuka ndi kutentha kamadzipindanso kakazizira. Kwa dera limene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, limeneli si phindu laling'ono.

Timapaipi ta kaboni tija tili ndi mphatso yakeyake. Mu 2002 ofufuza a ku yunivesite ya Rice ku America anapeza kuti timapaipi ta khoma limodzi timawala tokha, ndi kuwala kumene maso saona, kwa mananomita 900 mpaka 1,600. Kuwala kumeneku kumadutsa m'magazi ndi m'mnofu bwino kuposa kuwala wamba, ndipo timapaipi sitifwifwa ngati utoto. Gulu la Michael Strano ku yunivesite ya MIT linafika poika timapaipi m'masamba a sipinachi mu 2016, mbewuyo n'kumaulula ngati m'madzi a pansi muli mankhwala a mabomba. Koma kamera yoona bwino kuwala kotere ndi yodula kwambiri. Carbon dots ndiye zotchipa mapeto. Zinapezeka mwangozi mu 2004 anthu akutsuka timapaipi, ndipo zimapangika pophika chilichonse chokhala ndi kaboni m'chitini chotsekeka, ngakhale zitsotso za nzimbe zotsala pofinya shuga, zimene ku Nchalo ndi mulu. Kuwala kwake kumazima zikakumana ndi zitsulo monga ayironi m'madzi. Vuto n'lakuti zimazimanso ndi zinthu zina zambirimbiri, ndiye kuzima kokha sikukuuzani chimene chazimitsa.

Tafika tsono pa chimene chimandidetsa nkhawa. Khalidwe limene limapangitsa kaboni kukhala wabwino ndi lomwenso limamuwononga: amagwira chilichonse. M'lita imodzi ya madzi a m'magazi muli magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni, ndipo oposa theka ndi albumin. Tiyerekeze kuti HRP2 ili nanogalamu imodzi pa mililita. Ndiye kuti albumin ikuiposa kulemera ka 40 miliyoni. SPR sidziwa dzina la chimene chatera, imangomva kuti kwatera kanthu. Ngati mwa albumin yochuluka chonchi kagawo kakang'ono zedi kamamatira pa graphene, kamzere ka mdima kasuntha kale kuposa mmene malungo akanakasunthira. Khoka limene limakola chilichonse m'dambo la Elephant Marsh limatuluka ndi namasupuni, matope ndi nkhono, mlamba umene mumaufuna n'kusowa pakati pa zinyalala. Ofufuza amatseka malo otsala ndi albumin ya ng'ombe kapena ndi mankhwala okonda madzi otchedwa PEG, koma akatero akwirira kaboni yemwe uja amamutama, ndipo phindu lake lina limapita. Ndikawerenga kuti chipangizo china chaona kanthu kochepa modabwitsa, ndimayamba ndafunsa kuti anayeza m'madzi a mchere oyera a m'botolo kapena m'magazi a munthu. Kawirikawiri ndi m'botolo.

Kutentha kumabweretsa vuto lina losiyana ndi kupsa kwa antibody. Refractive index ya madzi imasintha ndi pafupifupi 0.0001 pa digiri iliyonse. Ikuoneka nambala yopanda pake, koma ndi yaikulu ka 100 kuposa kusintha kochepetsetsa kumene makina abwino a SPR amawerenga. M'chipinda cha malata ku Chapananga, pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 1 koloko masana kutentha kumakwera madigiri angapo. Chipangizo chopanda njira yachiwiri yofanizira, yolandira madzi omwewo ndi kutentha komweko koma yopanda zogwira, chidzakhala chikuyeza dzuwa. Mchere umachitanso chimodzimodzi. Aliyense wa ku Chikwawa akuidziwa mijigo ya madzi a mchere imene anthu anaisiya, ndipo madzi a mjigo wina ndi wina amasiyana mchere wake. Choyezera madzi chimene chinakonzedwa ndi madzi a pampopi a ku Manchester chidzasokonezeka pa mjigo woyamba.

Graphene oxide nayenso sakhala phee. Akatenthedwa kapena kukhala nthawi yaitali amataya okosijeni wina pang'onopang'ono, mtundu wake n'kuda, refractive index yake n'kusintha. Mu chinyontho amamwa madzi n'kufufuma, ndipo ngati sanamangiriridwe bwino amasupuka pa galasi. Chipangizo chimene chinagwira bwino sabata imene chinapangidwa sichinanene kanthu za mmene chidzakhalire chitagona miyezi isanu ndi umodzi mu katoni.

Ndimanena izi chifukwa kusowa kwathu n'koona. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Freddy mu Malichi 2023: nthawi iliyonse zimbudzi zimagwa, zitsime zimadzaza matope, East Bank imadukana ndi dziko lonse, ndipo anthu amaunjikana m'misasa ya pasukulu. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700. Kuti mudziwe ngati m'madzi muli tizilombo tochokera m'chimbudzi, njira yokhazikika imafuna kuti tizilomboto timere kaye, maola 18 mpaka 24, m'chofungatira cha magetsi. Kaulusi koviika m'ndowa n'kuyankha pasanathe ola kangasinthe zochita za tsiku limenelo pa msasa. Ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikamafalitsa madzi a ulimi wothirira, nkhono za likodzo zidzapeza malo atsopano, ndipo kuyang'ana mazira mu mkodzo pa maikulosikopu kumaphonya anthu amene ali ndi nyongolotsi zochepa. Nawo malungo, ngakhale Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma 11 oyamba kulandira katemera wa RTS,S kuyambira mu Epulo 2019, sadzatha tisanathe kuona tizilombo tochepa tija mwa anthu osadwala.

Zoyezera zokutidwa ndi kaboni zimene ndafotokozazi zikadali za m'malabotale. Mwina kaboni adzatifika koyamba m'njira yosadzionetsera: timibulu takuda ta mwaye woyengedwa m'malo mwa golide pa kachipangizo komwe kaja, chifukwa mzere wakuda pa pepala loyera umaoneka msanga kuposa wofiirira. Ofufuza a ku Wageningen m'dziko la Netherlands akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Mpofunikanso kuganiziratu za kotaya. Mu 2014 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mtundu umodzi wa timapaipi tatitali, MWCNT-7, m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, makamaka zikapumidwa ngati fumbi. Pa kachipangizo kamodzi pamakhala kochepa zedi komatidwa pa galasi, ngozi yaikulu ili kwa opanga, koma zinyalala za m'zipatala zathu zing'onozing'ono zimathera pa moto wa kuseri, ndipo opanga ayenera kudziwa zimenezo.

Graphite tili naye pansi pa nthaka ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, koma sindikuona kuti gawo lathu loyamba ndi kukumba. Kupanga graphene oxide n'kupaka pa ulusi ndi ntchito imene ophunzira a ku yunivesite ya MUST, pamwamba pomwepa ku Thyolo, angaithe. Chimene tili nacho chimene Manchester ilibe ndi malo oyeserera. A Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akufufuza za malungo ku Chikwawa kwa zaka zambiri, a yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ali ku Blantyre, ola limodzi kukwera Thabwa, ndipo makina a PCR, ofufuza DNA ya tizilombo, alipo ofanizira zotsatira. Wobwera ndi kachipangizo ka graphene ndingamupemphe kuti asiye katoni imodzi m'sitolo ya mankhwala ku Ngabu pa 1 Okutobala, adzaitsegule Khirisimasi itadutsa, mvula itanyowetsa makoma. Ayeze magazi a m'chala osasungunula, a ana otentha thupi ndi a makolo awo amene akuti ali bwinobwino, woyezayo akhale mlangizi wa zaumoyo amene waphunzitsidwa masiku awiri, foni ikhale yake yomwe. Theka la dontho lililonse lipite ku PCR, ndipo owerenga mbali ziwirizo asauzane mpaka tsiku lomaliza.